Miono ya Pansi pa Mlatho

Tenson Miti sanabadwire m'mbali mwa madzi. Kwawo kunali ku Petauke, kumtunda kumene nsomba amaidziwa itauma kale. Ku Chongwe anafika mu 1953, ndevu zikungoyamba kumera, atalembedwa ntchito ya msewu. Iye ndiye ankaboola miyala ndi kuikamo dainamaiti. Tsiku lina mwala unaphulika asanathawe mokwanira. Khutu lakumanzere linatsekeka osatsekukanso, ndipo lakumanja linatsala likugwira ntchito likafuna. Koma munthuyu anali ndi kunyada kwake kwa chinunu. Kuti anene poyera kuti sanamve, bola kumuzula dzino. Wina akalankhula iye osagwira bwino mawuwo, ankangomwetulira n'kuti, "Ee, ee." Ndi ee ameneyu anavomera zambiri pa moyo wake. Anasinthitsapo njinga yabwinobwino ndi mbuzi ya chifuwa, ndipo chimbudzi cha kutchalitchi anakumba yekha kawiri konse, osadziwa kuti anadzipereka liti.

Amene anamuchotsa pamsewu ndi mtsikana wina wa Chisoli dzina lake Mainess, yemwe ankabwera kumsasa wa antchito ndi milamba yowamba m'dengu. Anzake a Tenson ankagula nsomba n'kubwerera ku ntchito. Iye anatsatira dengulo mpaka kumene linkachokera, ndipo mapiri a Petauke sanamuonenso kupatula pa maliro.

Mudziwo unali m'dziko la mfumu Nkomeshya, m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, pamene kamsewu ka kumafamu kamawolokera pa kamlatho kasimenti. Dzina lenileni unali nalo m'buku la boma, koma anthu onse ankangoti ku Mabiyo. Mabanja analipo khumi ndi anayi. Ankalima chimanga ndi mapira monga aliyense, koma chimene chinakhazika makolo awo pamenepo, kusanabwere msewu kapena mlatho, chinali biyo: mpanda wa zikhomo ndi bango wodula mtsinje kuchokera tsidya lino kufika tsidya lija, wokhala ndi makomo otcherapo miono. Banja lililonse linali ndi khomo lake, lotsata kuchikazi. Madzi a Febuluwale ankakokolola zonse, ndipo mu Okutobala mudzi wonse unkalowa mumtsinje kumanganso, amuna kukhoma zikhomo, akazi kudula bango ndi kusenza munkoyo, thobwa la kumeneko. Mvula yoyamba ikagwa, milamba n'kuyamba kukwera, utsi wowambira nsomba unkamveka fungo mpaka kumsewu.

Kumanga sikunali kovuta. Chovuta chinali kukumbukira kuti khomo la uje linali pati, poti makomo apakati ndiwo ankadzaza, ndipo chaka chilichonse aliyense ankakumbukira bwinobwino kuti agogo ake ankatchera pakati penipeni. Wothetsa mkanganowo anali a Matthias, malume ake a Mainess, amene anali ndi mtsinje wonse m'mutu. Iwo ndiwo anaphunzitsa Tenson kuluka mono. Mkamwiniyo anaphunzira mpaka kuwaposa, moti patapita zaka zochepa mono uliwonse wa pabiyopo unali wotuluka m'manja mwake.

Komabe anali mlendo. Amuna ena okwatira m'mudzimo anali ana a m'midzi yoyandikana, odziwika ndi agogo awo omwe. Iye yekha ndiye anachokera kutali, choncho dzina loti mlendo linamukakamira. Sankalitchula mwachipongwe ayi, linali dzina chabe monga mmene munthu amanenera kuti mlamu kapena mpongozi. Koma mlendo sakhala ndi khomo pabiyo, ndipo khomo la banja la Mainess linali m'manja mwa mlongo wake Sanford. Tenson anabereka ana asanu, woyamba Regina anakwatiwa n'kumupatsa zidzukulu, manda ambiri a m'mudzimo anakumba nawo, koma pamsonkhano ankamvabe kuti, "Nanga mlendo wathu akuti bwanji?" Mawu amenewa okha khutu lake silinkawaphonya, ndipo ankamupweteka.

A Matthias anamwalira mu 1974. Okutobala wa chaka chimenecho anthu anamenyana ndi zikhomo m'madzi, mpaka mayi Nelesi, nkhalamba yosalakwa imene inangobweretsa bango, anataya dzino lakutsogolo. Nthawi imeneyo Tenson ankapita kusukulu ya akuluakulu imene mayi Virginia ankaphunzitsa masana kuseri kwa tchalitchi. Anatenga kope lake n'kujambula mtsinje. Pamwamba anajambula mlatho ndi mizati yake yomwe, kuti munthu adziwe poyambira kuwerenga, kenako anandandalika timitanda, pa kamtanda kalikonse dzina la mwini khomo. Anthu anavomera kopelo chifukwa mlendo alibe mbali. Zaka zisanu biyo linamangidwa popanda wina kulavula magazi.

Kenako kunabwera chaka cha 1979, chija asilikali a ku Rhodesia ankalowa m'dziko kudzaphulitsa milatho. Mu Novembala mlatho waukulu wa pa Chongwe nawo unagwa. Wailesi inkangoti khalani maso, khalani maso, ndipo munthu wachilendo wopezeka akuyang'anitsitsa mlatho ankatengedwa osafunsidwa kawiri. Otengedwa pa nkhani zotero ankapita ku Lusaka, ndipo kuti abwera liti palibe ankadziwa.

Lachiwiri lina m'mawa, mvula itagwa masiku atatu, lole ya asilikali inawoloka kamlatho kaja n'kuima pansi pa mkuyu. Wotsogolera anali bwana wachinyamata, wokulira m'mayadi a ku Lusaka, amene nsomba ankaidziwira pa mbale. Anaitanitsa tcheyamani wa seksheni ya chipani. Tcheyamaniyo anali Sanford, munthu wosaipa mtima koma wokonda kuyankha funso lisanathe.

"Ba Tcheyamani, muli balendo muno m'munzi?" anafunsa bwanayo.

"Mulendo tili naye umozi chabe, bwana," Sanford anayankha monyadira kuti mudzi wake amaudziwa. "Ni mulamu wanga, Tenson. Nyumba yake ni ija."

Kuti mlendoyo wakhala pamenepo zaka zoposa makumi awiri, Sanford sanaone chifukwa chonenera. Nanga alipo amene sankadziwa? Asilikali analowa m'nyumba, anagudubuza mphasa ndi mitsuko, ndipo m'sutikesi yachitsulo, pakati pa Baibulo ndi khadi la chipani, anapeza kope. Bwana atatsegula tsamba loyamba, nkhope yake inasintha.

Asilikaliwo anamupeza Tenson kuseri akusenda bango. Anamubweretsa pansi pa mkuyu. Mainess anathamangira kukaima kudzanja lake lamanja, kumene ankaima nthawi zonse pakakhala nkhani ya boma kuti azimubwerezera mawu, koma msilikali anamutchinga ndi mfuti n'kumubweza kukhamu la anthu. Bwana anaima kumanzere, kukhutu lakufa lija.

"Iwe mudala, ichi n'chani?"

"Ni buliji, bwana," anatero Tenson. Mumtima anakondwa kuti munthu wophunzira akufunsa za chojambula chake.

"Na tumitanda utu?"

"Ni pamene titchera, bwana."

"Mutchera chani? Mamaini?"

Bwanayo ankanena mabomba okwirira aja. Tenson anangogwira "m" ndi "n", zotsalazo anadzaza yekha. "Ee, ee," anatero akumwetulira. "Miono."

Bwana anaganiza kuti ndi mmene anthu akumudzi amatchulira mawu achingerezi. "Yangati?"

"Fifitini, bwana. Yonse ili m'madzi manje so, pansi pa buliji."

"Anapanga ni ndani?"

"Ine, na manja anga aya. Muno mulibe wina aziba kupanga monga ine. Funsani aliyense."

"Unasebenzako na dainamaiti?"

Funso ili Tenson analimva lonse, mwatsoka lake. "Zaka zitatu, bwana! Mwala ukulu monga nyumba, ine n'nali kuugawa pakati."

"Manje ufuna kupaya ndani?" anafunsa bwanayo, kutanthauza kupha.

"Zonse zopita apo, bwana. Zikulu na zing'ono. Chikangolowa sichichoka."

Mainess ankakuwa kuchokera kukhamu kuja kuti nsomba, nsomba, akamba nsomba, koma ndani amamvera mkazi wa munthu amene wavomera kale mlandu ndi pakamwa pake, akumwetulira? Asilikali anamumanga Tenson manja kumbuyo ndi chingwe cha tenti n'kumukweza m'lole. Ndi pamene kumwetulira kunatha. Atakhala pansi pa lolemo, pakati pa nsapato za asilikali, anaona Mainess atagwira mutu, anaona Sanford ataima kukamwa kuli yasa, ndipo anazindikira kuti ee wa lero si wa mbuzi kapena chimbudzi. Anachita mantha enieni. Anaganiza kuti akapita ku Lusaka, ndi khutu lakeli, akavomera zonse zimene akamufunse mpaka atamupachika.

Chimene chinamupulumutsa poyamba ndi dalaivala. Atauzidwa kuti alize galimoto, anafunsa mwaulemu kuti adzera kuti, poti njira yotulukira m'mudzimo inali imodzi yokha, ya pa mlatho womwewo wa mabomba khumi ndi asanu. Bwana anayang'ana mlathowo, nakumbukira kuti m'mawa anawoloka pomwepo akuimba mluzu. Thukuta linatsika. Analamula kuti mkaidi atsitsidwe, amasulidwe manja, akachotse yekha zimene anatchera.

Anthu onse anawathamangitsira kumtunda. Asilikali anagona chafufumimba kuseri kwa chulu, mfuti zitaloza msana wa Tenson. Iye anapinda buluku, analowa m'madzi ofika m'chiuno, anaweramira pakhomo loyamba n'kumasula luzi. Atadzuka anali atakumbatira mono wolemera, madzi akuchucha, m'katimo milamba ikuphiriphitha ndi kulira ng'oo, ng'oo, monga imachitira ikatuluka m'madzi. Anaunyamula mpaka kumtunda n'kuuika pansi bwinobwino patsogolo pa chulu.

Kenako sajeni wina wachikulire, Mbemba wa ku Luapula, anadzutsa mutu, anayang'ana, n'kuphulika ndi phwete. "Imyono, bwana! Ni vogwililamo nsomba! Mwe bantu, aba bakumawa bazatipaisa na njala ya mbeba zao!" Ankaseka mwachibale anthu akum'mawa monga Tenson, amene amadziwika ndi kudya mbewa. Asilikali anadzuka mmodzimmodzi akusasa fumbi, ena akuseka mobisa, ena osabisa n'komwe. Kumtunda kuja amayi anayamba nthungululu. Tenson anamva mpweya ukulowanso m'chifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaona kuti dzuwa likuwala bwino.

Koma munthu wa udindo akachita manyazi pamaso pa anthu ake ndiye amaopsa. Bwana sanaseke. Anakweza kope lija m'mwamba n'kunena kuti nsomba ndi nsomba, koma mapu a mlatho m'sutikesi ya mlendo ndi nkhani ina, ndipo akaifotokozere ku Lusaka. Nthungululu zinazima.

Apa Mainess sanapemphenso chilolezo. Anadutsa pansi pa mfuti ya msilikali uja ngati akudutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala, n'kukaima kumanja kwa mwamuna wake.

"Bwana, si mapu ya buliji iyo, ni ya biyo," anatero. "Mutanda uliwonse uli na mwine wake. Belengani maina. Aliyense azaimilila pa khomo yake, muone mweka."

Sajeni ananong'oneza bwana wake kuti kuyesa sikuwononga kanthu. Bwana anayamba kuwerenga, monyinyirika. "Nelesi!" Mayi Nelesi anakwinya chitenje, analowa m'madzi ndi ndodo yawo, n'kukaima pakhomo lachitatu, akuseka ndi mpata wa dzino lija. "Ezron!" Ezron analowa. "Clotilda!" "Sanford!" Dzina lililonse linkatulutsa munthu m'khamu, ndipo aliyense ankapita molunjika pamalo pake, popanda wolozera, popanda wokangana ndi mnzake, chinthu chimene ku Mabiyo chinali chisanaonekepo chiyambire. Bwana ankayang'ana pa kope, n'kuyang'ana mumtsinje, ndipo mzere wa anthu unkafanana ndendende ndi mzere wa timitanda. Mapewa a Tenson ankatsika pang'onopang'ono. Pofika dzina lakhumi ndi chinayi, ngakhale bwanayo nkhope inali itamasuka.

Kenako chala chake chinaima. "Ni fotini aba. Mitanda ni fifitini." Anatembenuzira kopelo kwa Tenson. Kamtanda komaliza kanali kogundana ndi mzati wa mlatho, ndipo pambali pake panalibe dzina. "Aka ka pa pilala, kalibe zina. Ni ka ndani? Ubisa ndani apa?"

Mainess anamubwerezera funsolo kukhutu lamoyo, koma Tenson anali atalimva. Khomo limenelo linali lakumapeto, pamiyala, losafunidwa ndi aliyense. A Matthias anamuuza kalekale kuti azitcherapo mongobwereka, ana asamagone ndi ndiwo zamasamba zokhazokha. Anatcherapo zaka makumi awiri. Koma tsiku lojambula kope lija, atafika pa kamtanda kameneka, pensulo inakana. Kulembapo dzina lake kukanakhala kudzipatsa yekha chimene mudzi sunamupatse, ndipo anthu akanati mlendo walemba buku kuti alande mtsinje. Tsopano akanati ndi lake, akananama pamaso pa eni ake onse ali chiimire m'madzi. Akanati si lake, lole inali pomwepo. Anayang'ana pansi, ndipo bwana anatseka kope n'kukodola msilikali wa chingwe uja.

"Ni yake!"

Anali Sanford, ali m'madzi mpaka m'chiuno, jekete la utcheyamani litanyowa mmunsi.

"Ni khomo ya Tenson iyo, bwana. Ni ya ba Miti."

"Iwe si ndiwe unakamba ati ni mulendo?"

"Ninakamba, bwana. Ni kamwa chabe. Mulendo wa bwanji wamene anashika amai banga mumanda? Uyu ni wa pano. Funsani aba."

Bwana sanafunikire kufunsa. Mayi Nelesi anamenya madzi ndi ndodo n'kuti ndi lake, Ezron anati ndi lake, ndipo mawuwo anayenda mzere wonse wa biyo mpaka tsidya lija, m'Chinyanja ndi m'Chisoli momwe. Tenson anawamva onse, ngakhale a kumanzere.

Bwanayo anapuma mozama, ngati nayenso wamasulidwa chingwe. Anasolola bolopeni m'thumba n'kupatsa Tenson. "Lemba zina, mudala. Vintu vilibe maina vimaleta milandu." Tenson anatsamiritsa kope pa bondo. Zilembo zinatuluka zokhota kuposa zimene mayi Virginia akanalola, koma zinawerengeka. Bwana anang'amba kachidutswa ka pamwamba pa tsambalo, pamene panali mlatho, anakapinda n'kukaika m'thumba, kope n'kubweza. Sajeni anapempha milamba iwiri, anthu anamupatsa isanu ndi umodzi. Lole inawoloka kamlatho pang'onopang'ono, dalaivala akusuzumirabe pansi, mpaka inazimiririka kuseri kwa mitengo.

Tenson anakhala pansi pamatope, kope lili pachifuwa. Mainess anayamba kumukalipira, akumutchula ndi dzina la mwana wawo woyamba, kuti bashi Regina, tsiku lina mudzavomera kuti ndinu amene munapha Yesu, koma mawu anamuthera pakati, anangokhala naye pamatopepo atamugwira mkono. Anthu ankatuluka m'madzi akukamba onse nthawi imodzi, aliyense akufotokozera mnzake zimene mnzakeyo anaona yekha.

Sanford anatuluka pomalizira. Anaima patsogolo pa mlamu wake akufinya jekete, maso akuyang'ana kwina. Manyazi anali atamugwira, ndipo munthu wa mtundu wake manyazi amawatulutsa ndi nthabwala.

"Mulamu, musamvele bwino maningi," anatero. "Vija n'nakambila chabe basoja."

Tenson anamuyang'ana. Anatsegula kope, analoza dzina lija inki isanaume bwino, n'kufunsa motsitsa, osaseka ayi, chifukwa ankafunadi kudziwa.

"Nifafanize?"

Sanford anasiya kufinya jekete. Anazungulira, anagwada pamatope kumanja kwa mlamu wake, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lija kuti pasatayike liwu ndi limodzi lomwe.

"Mukafafaniza, nizaiitana ibwele lole ija."

Tenson anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, pamaso pa mudzi wonse. Palibe anamuletsa.